Kamba wa Mwendo Wouma

Mubwezere pamphasa kamba ameneyo, Yamikani. Sindikukukalipira ayi, koma momwe wamugwirira pakhosipo mutu uthothokeratu, ndiye ine ndikayankha chiyani kwa mwini wake? Khalani pansi nonse. Mwera wa lero sulola bwato kulowa m'madzi, atate anu angokhala kugombe kuwerenga mafunde, ndiye nanunso mulibe kothawira. Mwakhala mukuseka kuyambira pomwe phukusili lafika kuchokera ku Benga, ati chidole chanji cha miyendo itatu yofewa, wachinayi wouma gwa ngati phazi la nkhuku. Sekani, palibe mlandu. Koma mwendo woumawo ndinaluka ndine, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake ndisanaiwale, pakuti masiku ano ndimafunafuna ndodo ili m'manja mwanga momwe.

Kamba ameneyu ndi wa mchemwali wanu Lusungu, mwana wa malemu Esinati, mwana wanga woyamba. Inu Lusungu mumamudziwa ngati mayi wamkulu uja amabwera pa Khirisimasi ndi masikono m'jumbo. Simudziwa kuti panali zaka zitatu pomwe dzina lake silinkatchulidwa pakhomo pano, ndipo amene analetsa ndine. Nkhani yake ndi imeneyo.

Ine si wa kuno ku Ngala, mukudziwa. Ndinabwera kuchokera kumpoto ndili mnyamata, pabwato, ndi amalume anga, kutsatira usipa. Tinapalasa masiku anayi, kugona m'magombe a anthu osawadziwa, kudya kondowole wozizira ndi nsomba zootcha popanda mchere. Inu lero mukangoyenda kukafika kumsewu mwayamba kale kufunsa za kabaza. Amalumewo ndiwo anandiphunzitsa kusoka maukonde. Nthawi imeneyo ulusi wa nayiloni unali wa anthu olemera. Ife tinkasenda khungwa la bwazi n'kumapota pantchafu mpaka ubweya wa pamwendo kutha, kenaka tinaphunzira kusolola ulusi m'matayala akale a galimoto. Singano yake inali ya nsungwi, yosema tokha. Ndipo lamulo la ukonde linali limodzi, amalume ankalinena uku akundimenya ndi nsungwi yomweyo pazala: mfundo ikhale yolimba yosamasukanso. Ukalakwitsa sutaya nthawi kumasula, umadula ndi mpeni n'kumanganso pena. N'chifukwa chake mumandiona ndi kampeni aka pachingwe m'khosimu. Ndakhala nako zaka zoposa za atate anu.

Agogo anu aakazi, a Nambewe, anali a konkuno, ndipo ine ndinalowa pakhomo pawo ngati mkamwini. Iwo ankaluka. Anaphunzira kwa mkazi wa m'busa wina ali mtsikana, koma singano yolukira, ija ya kangowe kumapeto, m'sitolo za kuno munalibe. Tsono tili pachibwenzi ndinatenga sipoko ya njinga, n'kuidula, n'kuipala ndi tupa masiku awiri mpaka kangowe kanatuluka bwinobwino. Anzanga ankapatsa atsikana sopo ndi mipango, ine ndinapereka sipoko. Usaseke, Pilirani, inagwira ntchito, taona nonsenu mulipo. Ndi sipoko imeneyo analuka zipewa za makanda a mudzi wonse uno, timasokosi, ndi tinsalu toyala pamipando yomwe tinalibe. Ulusi ankaupeza pomasula majuzi akutha a pakaunjika. Ine ndinkawaseka. Ndinkati, "A Nambewe, ntchito yanuyi ndi masewera. Chinthu choti mwana akangokoka nsonga chonse chimasuka, chimenecho n'kuluka?" Iwo ankangopitiriza kuwerenga chamumtima milomo ikugwedera.

Tsono za kamba zinayamba ndi Esinati ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina m'mawa tikukoka ukonde, munatuluka kamba wa m'madzi uja timati nkhasi. Msodzi sakondwa naye, amang'amba maso a ukonde ndi zikhadabo zake. Ndinatola nkhafi kuti ndimuphwanye. Esinati anathamanga n'kumugwadira pamwamba, n'kunena kuti, "Adada, mukamumenya mumenye ine." Anthu pagombe anaseka, ine n'kutsitsa nkhafi. Anamusunga sabata yathunthu m'bwato lakale lothira madzi, kumamupatsa matumbo a nsomba, mpaka anakamubweza yekha m'nyanja akulira. Atakula nkhani imeneyi sinkachoka pakamwa pake.

Esinati anakwatiwa ndi mphunzitsi, a Nyirenda, munthu wa kwathu kumpoto, wofatsa, wolankhula motsitsa mawu. Apa mumvetsetse, chifukwa kulakwa kwanga kunayambira pano. Kwa agogo anu aakazi mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malowolo kulibe. Kwathu mwamuna amalowola, ana n'kukhala a kwa bambo. Atsibweni ake a Esinati anati, "Ife za malowolo sitizidziwa, mwana wathu sagulitsidwa." Ine ndinakwiya. Ndinati mwana wanga sangapite ngati nkhuku yosokera, a Nyirenda ndi munthu wa mwambo, achite mwambo. Ndinaumirira mpaka onse anatopa nane. A Nyirenda anachita zonse, osasiyako kanthu, ndipo ine ndinalandira ndi manja awiri anthu akuona.

Lusungu anabadwa, ndipo ali ndi zaka zinayi amayi ake anadwala. Inali nthawi ya dzinja, mpunga utangowokedwa. Matendawo sanatenge mwezi. Sindifuna kunena zambiri pamenepa, ana inu. Tinamuika konkuno, kuseri kwa mitengo ya mango ija mumaletsedwa kukathyolako.

Titameta, akuluakulu anakhala pansi kugawa zovala za malemu monga mwa mwambo. Azakhali anatenga zitenje, ena nsapato, ena madiresi. A Nambewe atafunsidwa anangoloza juzi imodzi yobiriwira, yomwe Esinati ankavala nthawi ya mwera ngati ino, akumuberekera Lusungu pamwamba pake. Anati, "Ine imeneyi basi." Zitatha zovala inabwera nkhani ya mwana. A Nyirenda anagwada patsogolo panga, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Adada, mwanayu ndipita naye. Tchuthi chilichonse ndizibwera naye kuno."

Anali m'choonadi. Mwambo womwe ndinaumirira ine mwini ndi umene unkamupatsa mwanayo. Koma ine mtima unali utapsa ndi chisoni, ndipo nkhope ya Lusungu inali ya amake ndendende. Ndinatembenuka pomwepo n'kukhala Mchewa kuposa Achewa eni ake. Ndinati kuno mwana ndi wa kuchikazi, sachoka. Mmodzi wa atsibweni aja anandikumbutsa mwaulemu kuti, "Alamu, paja malowolo munalandira ndinu." Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona, ndiye m'malo mochita manyazi ndinachita ukali. Ndinaimirira n'kuloza a Nyirenda chala anthu onse akumva. Ndinati, "Mukamutenga mwanayu, inu ndi iye musadzapondenso pakhomo pano. Ine ndaika maliro awiri lero."

A Nyirenda anaweramitsa mutu, n'kudzuka, n'kumugwira mwana padzanja. Ndimamuonabe Lusungu akupita kumsewu, kadiresi kachikasu, akucheuka kawiri konse kuyang'ana agogo ake aakazi. Ine ndinalowa m'nyumba.

Zaka zitatu zinapita. A Nyirenda anawasamutsira kusukulu ina ku Benga. Analemba makalata awiri, ine onse ndinawabweza osatsegula. A Nambewe sanakangane nane ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandilalatira. Ankangoti ikafika nthawi ya tchuthi, n'kumapezeka akusesa mbali ya kumsewu nthawi yaitali kuposa zinyalala zake.

Chaka chachitatucho anayamba kudwala, miyendo kutupa, mpweya kuperewera. Tsiku lina masana ndikuchokera kugombe ndinawapeza pansi pa mtengo uno, juzi ya Esinati ili pamiyendo, akuimasula. Dzanja limodzi la juziyo linali litatha kale, ulusi wopotanapotana uli mulu pambali. Ndinafuula kuti, "Mukuchita chiyani? Chinthu chimodzi chokha chomwe mwana anatisiyira!" Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo a Esinati, musutikesi ikudyedwa ndi njenjete. Taonani mabowo. Sanasiyire ife, anasiyira mwana wake." Sanatchule dzina, koma tonse tinadziwa. Ndinachoka n'kukakhala kuseri kwa nyumba ngati mwana wolandidwa chinangwa.

Njenjete zinali zitadyadi malo ambiri, ndiye ulusi wabwino unatsala wochepa. Anaunyowetsa, n'kuukulunga pabotolo kuti uwongoke, kenaka n'kuyamba kuluka ndi sipoko ija. Anayamba ndi kabwalo kakang'ono ngati khobidi, n'kumazungulira, kumawonjezera maso, mpaka chinatuluka chigoba. Ine ndinkadutsa ngati sindikuona, koma ndinkaona. Atapanga mutu n'kusokerera mabatani awiri a juzi yomweyo kukhala maso, ndinazindikira kuti ndi nkhasi ya Esinati ija. Analuka chapamimba, mwendo woyamba, wachiwiri. Apo zala zinakana. Sipoko inkangogwa m'manja.

Anandiitana m'mawa wina, dzuwa litakwera kale. Anali ataika zonse m'kathumba ka nsalu: chigoba, mutu, chapamimba, miyendo iwiri, sipoko, ndi kampira ka ulusi kosaposa dzira la nkhuku. Anati, "Ulusi ndayeza, ukwana miyendo iwiri yatsalayo. Musatayeko. M'katimo muikemo usufu, osati nsanza. Mumalize ndinu, ndipo mukapereke ndinu." Ndinati, "Ine ndine mwamuna, zoluka ndizidziwira kuti? Apatseni Abiti Sumaili." Abiti Sumaili anali mnzawo wa pamtima, mayi wachisilamu wa nyumba ya kuseriko, amenenso ankaluka. A Nambewe anapukusa mutu. Anati, "Zaka zonsezi mwakhala mukuti ndi masewera. Sewerani."

Anamwalira mpunga ukukololedwa. Pamaliro a Nyirenda anabwera. Sindikudziwa anawauza ndani, ine sindinatumize uthenga, ndipo ndikuchita manyazi kukuuzani zimenezi. Anabwera okha opanda mwana, anakaima kutali pamodzi ndi okumba manda, ndipo anachoka chakudya chisanafike. Ndinawaona. Ndinayang'ana kumbali.

Kathumba kaja kanakhala pamsomali miyezi inayi. Ndikalowa m'nyumba ndinkakaona, ndikatuluka ndinkakaona. Nyumba inali zii, ndipo ndinayamba kuopa kuti nanenso ndingafe kathumbako kali pomwepo, mwana n'kukula osadziwa kuti kuno kunali anthu omukonda. Tsiku lina la mwera ngati lero ndinakatsitsa, n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe kuti asodzi anzanga asandione. Ndinati m'mtima, munthu wosoka ukonde wa chilimira wathunthu angalephere kamwendo kotalika ngati chala?

Ndinayang'ana mwendo womwe analuka a Nambewe, n'kuyamba kutsanzira. Koma manja anga ankadziwa chinthu chimodzi. Ndikangokowa ulusi, zala zinkamanga zokha mfundo ya ukonde, n'kukoka kuti ilimbe. Chinatuluka ndi kaukonde ka maso otseguka, koti usufu ukanangotulukira panja. Ndinaona kuti ndalakwitsa. Ndiye ndinachita chomwe ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse. Ndinatenga kampeni aka n'kudula. Ndinayambanso, ndinalakwitsanso, ndinadulanso. Sindinaganize n'komwe, ana inu. Dzanja linkapita lokha kukhosi. Pofika masana pamwendo panga panali tizidutswa tobiriwira tambirimbiri, ndipo kampira kaja kanali katachepa ngati dzira la njiwa.

Abiti Sumaili anandipeza pomwepo, akufuna nkhuku yawo yomwe inkaikira kuseri kwa nkhokwe yathu. Anaima, n'kuyang'ana tizidutswato, n'kugwira pakamwa.

"A Chirwa! Mwadula?"

Ndinati, "Ndinalakwitsa, ndiye ndimachotsa polakwikapo."

"Subuhana! Ulusi wa Esinati mwaudula ndi mpeni wa nsomba?"

Anakhala pansi osapemphedwa, n'kundilanda sipoko. Analuka maso asanu ndi limodzi mofulumira, n'kundionetsa, kenaka anasolola sipoko n'kukoka nsonga ya ulusi pang'onopang'ono. Maso onse aja anamasuka limodzilimodzi, ulusi n'kubwerera wathunthu ngati sunagwiridwe. Anati, "Mwaona? Uku sikugombe. Kuno ukalakwitsa umabwerera m'mbuyo mpaka pomwe unalakwira, n'kuyambiranso ndi ulusi womwewo. Mnzanga analuka pamaso panu zaka makumi anayi, inu osaona ngakhale zimenezi?"

Ndinalira, ana inu. Pamaliro a agogo anu ndinalimba mtima anthu n'kumanditama, koma tsiku limenelo ndinalira ngati mwana, kuseri kwa nkhokwe, pamaso pa mkazi wa mwini. Chinthu chomwe ndinkachiseka zaka zonse chija, chakuti ukakoka chimamasuka, ndi chimene chikanapulumutsa ulusi wa mwana wanga. Abiti Sumaili sananditonthoze. Anangoyeza kampira kotsalako m'manja n'kunena kuti, "Apa patsala mwendo umodzi. Ndipo simuukhudza mpaka nditanena ine."

Anandiphunzitsa masabata atatu, ndi ulusi womasula kuthumba la feteleza. Tinkakhala poyera pakhonde pawo, amuna awo ali pampando pambali akusenda chinangwa, chifukwa mayiwo anati zobisala kuseri kwa nkhokwe iwo sachita. Ndiye mudzi wonse unaona. Asodzi podutsa ankafuula kuti, "A Chirwa, mutilukireko zipewa, kunyanja kukuzizira!" Wina anandibweretsera chitenje kuti ndizimanga m'chiuno. Ine amene ndinkapsa mtima ndi kanthu kakang'ono ndinangoti chete, chifukwa ndikayankha ndinkasokoneza chiwerengero. Ndipo mayi aja anali aukali kuposa amalume anga. "Mwakoka kwambiri, masulani. Lekani kulimbana nawo ulusi, si ng'ona. Masulani." Mawu akuti masulani ndinawamva mwina kambirimbiri kuposa dzina langa. Kampeni ankandivula ndikangofika, n'kukapachika pamsomali wa pakhomo pawo.

Kenaka tsiku linafika, anandipatsa ulusi wa Esinati. Ndinaluka mwendo wachitatu masiku awiri, kumasula kanayi, osadula ngakhale kamodzi. Ndi uwu, Pilirani, wakumanzere kutsogoloku. Ukauyang'anitsitsa ndi wonenepa pang'ono kuposa ya agogo ako, koma suchititsa manyazi. Nditamaliza unatsala ulusi wotalika ngati dzanja langa, wongokwana kusokera.

Tsono wachinayi. Abiti Sumaili anati, "Pitani ku Dwangwa mukagule wobiriwira wofanana nawo. Mwana sadziwa." Ndinapitadi, ndinaupeza, ndinaugwira m'manja m'sitolomo. Koma ndinaubweza. Ndinaganiza kuti ndikafika kwa mwanayo ndidzati uyu ndi wa juzi ya amayi ako, ndipo mwendo umodzi udzakhala bodza. Ndinali nditamulakwira kale mokwanira. Ndinabwerera kunyumba, n'kutenga ulusi wanga wa ukonde, wa nayiloni, wouma uja umacheka zala, n'kuluka nawo mwendo wachinayi mwa njira ya a Nambewe. Ndinati pomwe ndinawononga paoneke, ndipo paoneke kuti ndi ine. Abiti Sumaili atauona anati, "Wonyansa." Kenaka anati, "Koma maso ake ali bwino."

Usufu ndinakatola ndekha pansi pa mtengo waukulu uja unali pafupi ndi mzikiti, womwe unagwa chaka cha madzi ambiri. Inu mumagonera mapilo a siponji, simudziwa usufu. Ndi thonje la mumtengo, lofewa kuposa la m'munda, koma uyenera kuchotsa njere zake imodziimodzi, apo ayi makoswe amaboola. Tizidutswa tonse tomwe ndinadula ndinali nditatola, sindinataye ngakhale kamodzi. Ndinatisakaniza ndi usufuwo n'kuika m'mimba mwa kambayu. Tili momwemo mpaka lero.

Ulendo wa ku Benga ndinanyamuka m'mawa, nditavala jekete la ukwati wa Esinati. Kale ulendo umenewo unali wa masiku, wapansi, kuwoloka mitsinje madzi ali m'chiuno. Ine ndinakwera minibasi, ndipo ndinadandaula kuti ikuthamanga kwambiri, chifukwa mawu oti ndikanene ndinali ndisanawapeze. Tinadutsa minda ya nzimbe, tinawoloka Bua, tinaima paboma anthu akugulitsa mpunga ndi nthochi pamawindo, ine kathumba kali pachifuwa ngati muli mazira. Mayi wina pambali panga anafunsa kuti, "Agogo, mwanyamula chiyani chosatula pansi?" Ndinati mankhwala.

Ndinafika dzuwa lili pamutu, ana akuweruka. Anandilozera nyumba ya aphunzitsi. A Nyirenda anali atakwatiranso, ndipo mkazi wawoyo, munthu wabwino, anandiyalira mphasa n'kundipatsa madzi osadziwa kuti ndine yani. Kenaka anatulukira a Nyirenda, choko chili m'manja. Atandiona anaima. Anayamba kupinda maondo kuti agwade monga kale, koma ine ndinawayambirira. Ndinavula chipewa n'kugwada pafumbi, ine mpongozi wamkulu, pamaso pa mkamwini, ana asukulu akuonerera. Kwathu zimenezo sizichitika. Mawu ochepa omwe ndinapeza mumsewu anathawa. Ndinangoti, "A Nyirenda, ndinalakwa ndine. Mwambo munatsata, ine ndinaukana. Pamaliro a apongozi anu aakazi ndinakuonani."

Anandigwira m'mapewa n'kundidzutsa. Anati, "Adada, dzukani, anthu akuona." Maso awo anali ofiira. Kenaka anaitana, "Lusungu! Bwera udzapereke moni."

Anatuluka mtsikana wa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, wamtali, wovala yunifolomu. Anagwada patali, n'kupereka moni wa kwa mlendo. Sanandidziwe. Zimenezo ndinaziyembekezera, komabe zinandiwawa kwambiri. Ndinatulutsa kamba m'kathumba n'kumupatsa. Anamutembenuza, n'kuyang'ana mabatani a m'maso aja nthawi yaitali. Kenaka anamuika pamphuno. Anati, "Adada, iyi ndi juzi ya amama."

Mayi womupeza uja analowa m'nyumba akupukuta m'maso.

Mwanayo anandiyang'ana tsopano bwinobwino, n'kufunsa kuti, "Ndinu agogo a nkhasi? Aja munafuna kuimenya ndi nkhafi, amama n'kuigwadira?" Ndinayang'ana a Nyirenda. Iwo anati, "Amaifuna nkhani imeneyo pafupipafupi. Ndimamuuza momwe ankanenera amake." Ndiye muone, ana inu. Zaka zonse zomwe ine ndinaletsa dzina lawo pakhomo panga, munthu ameneyu ankatchula langa pakhomo pake, ndipo ankalitchula bwino.

Lusungu anagwira mwendo wachinayi n'kuufinya. Anati, "Nanga uwu wauma bwanji?" Ndinamuuza zoona zonse, kuti agogo ake aakazi anasiya ulusi wokwanira, ine ndinaudula ndi mpeni chifukwa cha kusadziwa ndi kuuma mutu, ndipo uwu ndi ulusi wa ukonde wanga. Ndinati akafuna ndikagula wofewa ndidzasinthe. Iye anaganiza pang'ono, n'kuukoka mwamphamvu, n'kuona kuti sukutha kuthothoka. Anati, "Ayi. Ndizimunyamulira pamenepa." Ndipo analowa naye m'nyumba atamugwira mwendo womwewo, kamba ali lendelende.

Tchuthi chotsatira anabwera kuno ndi atate ake. Ndinawatengera kuseri kwa mitengo ya mango, kumanda a Esinati ndi a Nambewe. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti a Nambewe anasesa kumsewu zaka zitatu, ndipo mwanayo anabwera iwo atapita. Zimenezo sindingazikonze, ndipo musamve wina akukuuzani kuti zonse zinatha bwino.

Tsono lero Lusungu ndi woyembekezera, mwezi wamawa ngati Mulungu alola. N'chifukwa chake watumiza kambayu. Kakalata kake ndi aka, Yamikani anandiwerengera m'mawa uja musanayambe phokoso lanu. Akuti khosi lalefuka, ndilisoke mwana asanabadwe, ndiwonjezeremo ndi usufu ngati ukupezekabe. Ndipo pansi pake walemba kuti, "Agogo, mwendo wanu uja musaukhudze."

Ndiye tiyeni tigwire ntchito, dzuwa likadali pabwino, maso angawa sachedwa kuchita chifunga. Yamikani, kanditengere kathumba kali pamsomali kuchipinda, sipoko ya agogo ako ili momwemo. Usathamange nayo. Iwe Pilirani, bwera kuno, undivule chingwe ichi m'khosimu. Kampeni aka kakasiye m'nyumba, pamwamba pa kabati, ndipo ngakhale ndikaitanitse usandipatse mpaka titamaliza.